Kukonzanso Mbiri Yathu ya Ngongole

Cholinga cha phunziroli ndi kumvetsa mmene mbiri ya ngongole imalembedwera, mmene imaipira, ndi zimene munthu angachite kuti anthu ndi mabungwe ayambenso kumukhulupirira. Tiwerenge gawo lililonse mokweza, mosinthana, kenako tiyankhe mafunso awiriawiri tisanakambirane tonse pamodzi.

GAWO 1

Pa gulu ngati lathuli n'zovuta kupeza munthu amene sanakongolepo. Ena tinakongola feteleza, ena fizi ya mwana, ena ndalama ya bokosi pa maliro a kholo. Kukongola si tchimo. Mlimi amene wakongola mbewu n'kubweza atakolola wachita bwino, ndipo amene anamukongozayo wachitanso bwino. Vuto limayamba tsiku limene tinalonjeza likakwana ife tilibe kanthu m'manja, ndiye m'malo mopita kukanena, tayamba kuzemba. Foni ikalira timayang'ana nambala n'kuisiya ilire. Njira yodutsa pa golosale taisiya, tikulambalala kuseri kwa msika. Taonapo ngakhale pakati pathu mnzathu akusiya kubwera ku phunziro ali bwinobwino, chifukwa amene anamukongoza amakhala pa mpando woyandikana naye.

Bahá'u'lláh anakamba zambiri za kukhulupirika. M'kalata yake yotchedwa Tarázát anapatula gawo lachinayi kuti akambe za khalidwe limeneli, ndipo anaonetsa kuti mtendere wa anthu ndi kukhazikika kwa ntchito zawo zimadalira pa ilo. Mu Kitáb-i-Aqdas, buku la malamulo limene analemba ku Akká cha m'ma 1873, analamula kuti chuma cha womwalira chisagawidwe kwa olowa m'malo ngongole zake zisanabwezedwe. Ngati ngongole imatsatira munthu mpaka pa chuma chamasiye, tingaone kulemera kwake pamene munthuyo ali moyo.

1. Kodi kusiyana kwake n'kotani pakati pa munthu amene walephera kubweza ndi munthu amene wazemba kubweza?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene munthu amataya akayamba kuzemba, kupatula ndalama.

GAWO 2

Mbiri ya ngongole ya munthu imalembedwa m'mabuku awiri.

Buku loyamba ndi lakale, ndipo lilibe masamba. Lili m'mitima ya anthu amene timakhala nawo: mwini golosale, amayi a ku banki m'khonde, a landilodi, mlamu wathu, wogulitsa makala. Amenewa amadziwa amene akati Lachisanu limakhala Lachisanu, ndi amene Lachisanu lake silifika. Munthu amene dzina lake laipa m'buku limeneli amazindikira tsiku la mavuto, pamene mwana wadwala usiku ndipo aliyense akumuuza kuti ndalama zangotha kumene.

Buku lachiwiri ndi la makono. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolola kuti pakhale mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, amene pa Chingerezi amati credit reference bureau, ndipo ambiri timangoti CRB. Lamuloli linakonzedwanso mu 2016 kuti mabanki ndi mabungwe okongoza ndalama azitumiza mbiri ya makasitomala awo ku mabungwewa. Credit Data CRB ndi TransUnion ndi mabungwe otere kuno ku Malawi, ndipo amene amawapatsa chilolezo ndi kuwayang'anira ndi Reserve Bank of Malawi. Kumeneko kumalembedwa dzina la munthu, ndalama zimene anakongola, kumene anakongola, ndi mmene wakhala akubwezera. Tikapita ku banki ina kukapempha ngongole, iwo amafunsa kaye ku CRB asanatiyankhe.

Kale munthu ankatha kukongola ku Zomba n'kusamukira ku Mzuzu, kumeneko n'kuyamba ngati watsopano. Chiyambire 2017, pamene tinalembetsa ziphaso za unzika, dzina la munthu limayenda ndi nambala imodzi kulikonse. Simu khadi nayonso timalembetsa ndi chiphaso chomwecho. Choncho amene wataya simu khadi poganiza kuti wataya ngongole ya pafoni wangodzinamiza.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sitichidziwa. CRB silemba zoipa zokha. Mwezi uliwonse umene tabweza pa nthawi yake umalembedwanso. Komanso CRB si imene imagamula kuti uyu apatsidwe ngongole, uyu asapatsidwe. Imangosunga ndi kupereka mbiri, wogamula ndi wokongozayo. Ndiye kuti buku limeneli likulembedwabe, ndipo masamba a kutsogolo akudikira zimene ife tichite.

Chongani ziganizo zimene zili zoona:

___ Munthu akasamukira boma lina, mbiri yake ya ngongole imatsala kumene wachoka.
___ CRB imalemba miyezi imene munthu wabweza bwino.
___ Amene amakana kapena kuvomera ngongole ndi a CRB.
___ Mbiri yoipa ku banki m'khonde ingavutitse munthu ngakhale ku banki sanapiteko.

GAWO 3

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa kaunjika pa msika. Anakongola K200,000 ku bungwe lokongoza ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono kuti aodere belo. Miyezi iwiri yoyamba anabweza bwino. Mwezi wachitatu mwana anagonekedwa m'chipatala, geni inaima milungu itatu, mpamba unathera pa mayendedwe ndi mankhwala. Tsiku lobweza litayandikira, mayiyu anachita manyazi kukanena. Anapita kwa wakatapila n'kutenga K50,000, atagwirizana kuti pakutha pa mwezi abweza K75,000.

Tiwerengere limodzi. Ngati pakutha pa mwezi walephera, ndipo wakatapila wawerengera chiwongoladzanja pa K75,000 yonseyo, mwezi wachiwiri ngongole yafika K112,500, wachitatu K168,750. Ngati m'malo mwake mayiyu azingopereka K25,000 ya pamwamba mwezi uliwonse, pakutha pa miyezi inayi wapereka K100,000, koma K50,000 yoyamba ija idakalipo yosakhudzidwa. Kuti apeze ya wakatapila, anakongola ku banki m'khonde. Kuti apeze ya banki m'khonde, anakongola pafoni. Sopo ndi shuga anayamba kulembetsa ku golosale. Ngongole inali imodzi, tsopano zilipo zisanu, ndipo belo yatsopano sanaodebe.

Mayiyu si wakuba. Anthu ambiri okhulupirika anagwa m'dzenje lomweli pamene kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu n'kukwera mpamba uli womwewo. Enanso m'chigawo cha kummwera anataya minda ndi katundu wa geni pa namondwe wa Freddy mu March 2023, ngongole zili pamutu. Matenda ndi mvula sizifunsa kuti uli ndi ngongole. Koma tikayang'anitsitsa nkhani ya mayiyu, tiona kuti matenda a mwana anangomubwezera m'mbuyo mwezi umodzi. Chimene chinakulitsa dzenje ndi tsiku lija anasankha kupita kwa wakatapila m'malo mopita ku bungwe kukanena zoona.

1. Mayiyu akanapita ku bungwe tsiku lobweza lisanakwane, akanatenga chiyani m'manja, ndipo akananena chiyani?
2. N'chifukwa chiyani manyazi amatikankhira ku ngongole yodula kwambiri?

GAWO 4

Poyambira kukonza mbiri ndi pa pepala. Munthu wa ngongole zambiri nthawi zambiri sadziwa kuti zonse pamodzi ndi zingati, chifukwa amaopa kuwerengera. Tikhale pansi ndi kope, tilembe dzina la aliyense amene tili naye ngongole, ndalama zotsala, chiwongoladzanja chake, tsiku lobweza, ndi chikole chimene tinapereka. Tisasiye ngakhale ya mchere. Amene tinaphunzira ku yunivesite ndi ngongole ya boma, tilembenso imeneyo, chifukwa ndi ndalama zimene zikudikiridwa kuti ziphunzitse ana ena. Amene tinasainira mnzathu ngati mboni yomuimira, tidziwe kuti iye akalephera, okongoza adzabwera kwa ife.

Pepala la mayi uja lingaoneke chonchi:

Bungwe la ngongole: K120,000
Banki m'khonde: K60,000
Wakatapila: K50,000
Golosale: K15,000
Pafoni: K10,000
Zonse pamodzi: K255,000

Kenako tilembe zimene timapeza pa mwezi, tichotsere chakudya, lendi, fizi ndi mpamba wa geni. Chotsalacho ndicho chimene tingalonjeze. Tinene kuti mayiyu amatsala ndi K40,000. Popanda chiwongoladzanja, K255,000 ingamutengere miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndi chiwongoladzanja ipitirira pamenepo. Ndi nthawi yaitali, koma ili ndi mathero ake, ndipo munthu amene wawaona matherowo amagona tulo.

Pamenepa pali funso la banja. Ambiri tili ndi ngongole zimene amuna athu kapena akazi athu sazidziwa, ndipo amadzazimva tsiku limene anthu abwera kudzanyamula mipando. Timaphunzira kawirikawiri za kukambirana, kuti pa nkhani iliyonse tiike zoona zonse poyera, aliyense anene maganizo ake momasuka ndi mwaulemu, kenako tigwirizane chimodzi. Pepala la ngongole ndi loyenera kuliika patsogolo pa onse awiri. Tsiku loyamba lidzakhala lowawa. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo mwina mnzathuyo ndi amene adzaone kuti kugulitsa mbuzi imodzi lero n'kutseka katapila kuli bwino kusiyana ndi kudzagulitsa khola lonse m'tsogolo.

Tikambirane: mayi uja agawe bwanji K40,000 mwezi woyamba? Kumbukirani kuti ngongole ya wakatapila ndi imene ikukula mwamsanga, ya bungwe ndi imene ingalembedwe ku CRB, ndipo ya banki m'khonde ndi ndalama za amayi anzake amene akudikira tsiku logawana.

GAWO 5

Pepala likatha, chotsatira ndi kuyenda ndi miyendo. Tipite tokha kwa aliyense amene ali pa pepalapo, tisanaitanidwe. Ku banki kapena ku bungwe, tipemphe kuonana ndi woona za ngongole, timuuze chimene chinachitika mwachidule, tinene ndalama zimene tingathe pa mwezi, ndi kupempha kuti atikonzere ndondomeko ina yobwezera. Wokongoza amadziwa kuti kupita kukhoti ndi kulanda katundu kumadya ndalama ndi nthawi, choncho kawirikawiri amamvetsera munthu amene wabwera yekha. Akavomera, tipemphe kuti zimene tagwirizanazo zilembedwe, ife titenge kope lathu.

Kwa mwini golosale mawu ake angakhale otere: "Bambo, ndili ndi K15,000 yanu. Ndinakusowetsani mtendere, pepani. Yonse lero ndilibe, koma nayi K3,000, ndipo pa 5 mwezi uliwonse ndizibwera ndi K3,000 mpaka ithe." Onani kuti mawuwa atchula ndalama, avomera kulakwa, abwera ndi kanthu m'manja, ndipo atchula tsiku.

Msampha waukulu pa nthawi imeneyi ndi kulonjeza zambiri kuti tichoke msanga pamaso pa munthu. Timati, "Pakutha pa mwezi ndibweretsa yonse," tikudziwa mumtima kuti sizitheka. Lonjezo lachiwiri likasweka, limawononga kuposa loyamba. K3,000 imene yafika pa tsiku lake miyezi isanu motsatana imakonza dzina kuposa K15,000 imene inalonjezedwa n'kusafika. Ndipo mwezi wina zikavutanso, tipite tsikulo lisanakwane, tikanene.

Tisunge umboni wa ndalama iliyonse imene tapereka: lisiti la ku banki, uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, siginecha ya mlembi m'buku la gulu. Kwa wakatapila tipite ndi mboni, tipemphe kuti chiwongoladzanja chiime, ndipo ndalama iliyonse asainire. Chiphaso cha unzika kapena khadi la ku banki pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi si zinthu zopereka chikole kwa munthu aliyense.

Ngongole ya ku banki kapena ku bungwe ikatha, tipemphe kalata yotsimikiza kuti tamaliza. Kenako tipite ku CRB ndi chiphaso chathu tikapemphe lipoti la mbiri yathu, tiliwerenge mzere ndi mzere. Zimachitika kuti ngongole imene inatha ikuonekabe ngati ilipo, kapena pa dzina lathu pali ngongole ya munthu wina. Tikapeza zotere, tili ndi ufulu wodandaula kuti akonze, ndipo apa ndi pamene malisiti aja amatiyankhulira. Wokongoza akakana kutithandiza, dandaulo lingapite ku Reserve Bank of Malawi, imene imalandira madandaulo a anthu okhudza mabanki ndi mabungwe a zachuma. Koma tichenjere ndi munthu amene angatiuze kuti timupatse kangachepe kuti akafufute dzina lathu ku CRB. Zolakwika zimakonzedwa ndi umboni. Zoona sizifufutidwa ndi chiphuphu, ndipo amene wapereka chiphuphu kuti aoneke wokhulupirika wataya chinthu chomwecho chimene amafuna.

Malizitsani ziganizo izi:

a. Ndi bwino kupita kwa wokongoza tsiku lobweza ______________.
b. Tilonjeze ndalama zimene ______________.
c. Ngongole ikatha tipemphe ______________.

Awiriawiri, mmodzi akhale wokongoza, wina wokongola. Yesani kukambirana monga mwa chitsanzo cha golosale chija, kenako musinthane.

GAWO 6

Kumaliza ngongole zakale ndi theka la ntchito. Wokongoza akatsegula mbiri yathu amafuna kuona zimene tachita posachedwa. Mbiri yatsopano imamangidwa ndi zinthu zing'onozing'ono zobwerezabwereza. Lendi ifike pa tsiku lake. Masheya a ku banki m'khonde tiponye sabata iliyonse, ngakhale limodzi. Amene tingathe tilowe SACCO, kumene munthu amayamba wasunga kwa miyezi ingapo asanakongole, ndipo ngongole yake imayenderana ndi zimene wasunga. Ndalama za geni zizidutsa pa akaunti kapena pafoni kuti pakhale poonera mmene timapezera.

Tikadzakongolanso, tiyambe ndi yochepa imene tingabweze ngakhale geni itavuta mwezi umodzi. Tisanasaine tifunse mafunso atatu: zonse pamodzi ndibweza zingati, ndikachedwa chindapusa chake ndi chotani, ndipo chikole changa chingalandidwe pakachitika chiyani. Tifunsenso mtima wathu ngati chimene tikukongolera chidzabala ndalama kapena chidzangodyedwa. Ngongole ya feteleza ili ndi kumene idzachokere. Ngongole ya suti ya pa ukwati wa mnzathu ilibe.

Tinenepo za kubetcha. Achinyamata ambiri, ndi akuluakulu omwe, amakongola pafoni kuti abetche mpira, poganiza kuti tsiku limodzi la mwayi lidzatseka ngongole zonse. Kitáb-i-Aqdas imaletsa juga, ndipo Bahá'u'lláh anaphunzitsa kuti aliyense akhale ndi ntchito kapena luso lopezera zosowa zake, ndi kuti ntchito yotere ili ngati kupembedza Mulungu. Mayi amene akuyala kaunjika m'mawa uliwonse kuti abweze K40,000 pa mwezi akuchita chinthu cholemekezeka, ngakhale palibe womuombera m'manja. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tisayembekezere kuti anthu atikhulupirira sabata yomweyo. Mwini golosale amene tinamuzemba chaka chathunthu ali ndi ufulu wotiyang'ana kaye. Banki ingatikanebe ulendo woyamba. Zimenezi zisatikwiyitse kapena kutifooketsa, chifukwa sitikubweza kuti tidzakongolenso basi. Tikubweza chifukwa ndalamazo ndi za eni ake.

1. Tchulani malonjezo ang'onoang'ono atatu a ndalama amene munthu angayambe kuwasunga mwezi uno.
2. Kodi munthu angabwezebe mokhulupirika ngakhale akudziwa kuti sadzafunanso ngongole kwa ameneyo? Chifukwa chiyani?

GAWO 7

Ena mwa ife pa nkhaniyi tili mbali inayo: ndife amene tinakongoza, ndipo ndalama zathu sizinabwere. Kupsa mtima kwathu n'komveka, pakuti nafenso tili ndi ana ofuna fizi. Kufunsa ndalama zathu si kulakwa. Bahá'u'lláh, m'kalata yotchedwa Ishráqát, analola kuti wokongoza alandire chiwongoladzanja, koma analangiza kuti zichitike mosapyola malire, mwachilungamo ndi mwachifundo. Choncho mnzathu akabwera ndi K3,000 ndi mawu opepesa, tisamubweze pakhomo chifukwa sinakwane. Tilandire, tilembe, timuuze zotsala. Munthu amene wayamba kuyenda njira yobwerera amafooka msanga akalandiridwa ndi chipongwe.

Tisamalenso pakamwa pathu. Miseche ndi yoletsedwa m'ziphunzitso za Bahá'u'lláh, ndipo nkhani za ngongole ndi zimene zimayenda msanga pa mjigo ndi pa WhatsApp. Ngati tili ndi mlandu ndi munthu, tikambe ndi iyeyo. Zikakanika, tiitane munthu mmodzi wamkulu amene tonse timamulemekeza, kapena tipemphe uphungu ku Bungwe Lauzimu la m'dera lathu. Ndipo mlongo kapena mbale amene wasiya kubwera ku phunziro chifukwa cha manyazi, tikamuyendere. Tisapite kukafunsa za ndalama ulendo umenewo. Tikamuuze kuti malo ake alipo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tikambirane: gulu lathu lingathandize bwanji munthu wa ngongole popanda kumubwezera ngongoleyo ndiponso popanda kumuyalutsa?

NTCHITO YA SABATA INO

Aliyense payekha, kunyumba, alembe pepala lija la m'Gawo 4. Pepalali ndi lachinsinsi, sitidzaliwerenga pa gulu. Amene ali pa banja alione pamodzi ndi mnzake. Kenako asankhe dzina limodzi pa pepalapo, apite akaonane ndi munthuyo tisanakumanenso, atatenga kanthu m'manja ngakhale kochepa, ndi tsiku limene angathe kulisunga. Amene alibe ngongole aganizire munthu mmodzi amene ali ndi ngongole kwa iye, ndi mmene angamupeputsire njira yobwerera. Tikadzakumana, amene angafune adzatiuza mmene ulendowo unayendera, osatchula dzina la munthu.